Tsiku Limene Mipando Inatulutsidwa Panja

Ba Ferdinand anapita ku wekishopu ya masiku anayi ku Livingstone, ndipo anabwerako atasiya kukalipa. Zimenezi zinadetsa nkhawa aliyense ku Chigayo, fakitale yopanga zakudya za nkhuku kuseri kwa njanji mu Kafue. Manijala wokalipa umadziwa pomugwira. Amakalipa, amamenya tebulo, amakufunsa ngati kwanu kuli sukulu, kenako amasaina pepala lako, iwe n'kutuluka. Koma Ba Ferdinand anabwerako akuyenda ngati munthu wosenza thireyi ya mazira, ali ndi kabelu kamkuwa m'thumba la jekete, ndiponso liwu latsopano limene ankalitchula mosamala ngati dzina la apongozi: maindifulunesi.

Lolemba m'mawa anaimika antchito onse pabwalo, pakati pa malole awiri a chimanga.

"Anzanga," anayamba motero, ndipo angapo anacheuka kuti aone ngati anzawo a bwanawo alowa pageti. "Kuyambira lelo tizayamba kusamalira munthu wa mukati. Nakhala nikutsogolera na mutu chabe. Manje nizatsogolera na mutima. Mtsogoleri weniweni sathamangira kukonza vinthu. Amamvetsera. Amakhalapo."

"Kanshi masiku onse aya anali kuti?" wina ananong'ona kumbuyo.

Kenako bwanayo anaitana Ba Bwezani, fomani wa chigawo chodzaza matumba, munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri amene bambo ake anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Anawaveka udindo wa Mtsogoleri wa Moyo Wabwino. Udindowo unabwera ndi sikipa yobiriwira imene inakana kutsika kupitirira pamchombo, ndipo sunabwere ndi china chilichonse.

Lamulo latsopano linali losavuta. M'mawa uliwonse kabelu kakalira, aliyense aime pamene ali, atseke maso, akoke mpweya ndi mphuno mpaka ufike m'mimba, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Kasanu. Kungoti chikupizo chachikulu choyamwa fumbi chinali chitafa mu Febuluwale, ndipo chitsulo chake chinali chidakali panjira kuchokera kunja kwa dziko, njira yake imene palibe ankaidziwa kutalika. M'chigawo cha Ba Bwezani mpweya unkaoneka ndi maso. Unkagona m'nsidze, m'makutu, ndi pa buledi wa tiyi. Tsiku loyamba anthu makumi atatu anaukoka mpweyawo mokhulupirika mpaka m'mimba, ndipo kwa mphindi zisanu fakitale yonse inamveka ngati khola la mbuzi zachimfine. Ba Ferdinand anati n'zabwino, thupi likutulutsa zakale.

Mmodzi yekha ndiye sanatsokomole. Ameneyu anali Winfrida, amake Jesse, wosoka kukamwa kwa matumba pa makina a kumapeto. Iye anali ataphunzira kumeza chifuwa. Chikamabwera ankagwira mpweya, maso n'kufiira, misozi n'kulengeza, manja osasiya kukankha thumba.

Lachisanu la sabata lomwelo anawapeza Ba Bwezani kuseri kwa mulu wa matumba.

"Ba Fomani, pukutani manja muwerenge ichi."

Inali kalata ya ku kiliniki, yopindidwa kanayi. Mawu ake anali ochepa: mapapo sali bwino, wodwalayu achoke pa fumbi msanga.

"Amake Jesse, iyi kalata ifunika ipite ku ofesi."

"Monga ya Ba Elijah?"

Ba Bwezani anaipindanso kalatayo. Ku Chigayo aliyense wovala ovolosi anali pa kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Palibe amene ankachotsedwa ntchito. Kontrakiti inkangotha, ngati sopo. Elijah anapereka kalata yotere chaka chatha, a ku likulu ku Lusaka anamuthokoza chifukwa cha kuona mtima kwake, ndipo kontrakiti yake itatha ina sinabwere. Winfrida anali atasaina makontrakiti khumi ndi asanu ndi atatu. Ya tsopanoyi inkatha pa 30 Juni. Mwamuna wake anali kumanda, ana atatu anali pakhomo, ndipo Jesse, wamkulu, ankalemba giredi 12 chaka chomwecho.

"Ba Chimuka a ku sikelo apuma pa nchito kumapeto kwa mwezi wa mawa," anatero Winfrida. "Manambala niziwa kulemba. Munisunthile kuja chabe. Osakamba za chifuwa. Mukambe kuti ni musana, olo maso, olo kuti nakalamba. Vilivonse."

Ku sikelo kunali kachipinda ka pageti, ka zenera limodzi, mmene munthu ankalemba kulemera kwa malole olowa ndi otuluka. Fumbi silinkafikako. Kusuntha munthu kuchoka pa makina kupita kumeneko kunkafuna fomu imodzi ndi siginecha ya manijala, popanda kufunsa Lusaka. Ba Bwezani anali atachitapo zimenezi kangapo.

"Siyani kwa ine," anatero, atakoka sikipa ija kuti ibise mimba.

Mu ofesi anapeza zinthu zitasintha. Tebulo linali litakankhidwira kukhoma, chifukwa, malinga ndi a ku Livingstone, tebulo limalekanitsa anthu. Panali mipando iwiri yoyang'anizana, pafupi kwambiri moti maondo ankagundana. Ba Ferdinand anavundikira foni yawo pansi n'kuwayang'ana Ba Bwezani m'maso, chinthu chimene palibe mwamuna anali atawachitirapo chikwatirire.

"Bwana, pali nkhani ya ku sikelo. Ba Chimuka pamene..."

"Imani, Ba Bwezani. Mwalowa na liwiro. Tipume kamodzi pamodzi."

Anapuma kamodzi pamodzi.

"Manje kambani."

Ba Bwezani anakamba. Anati amake Jesse agwira zaka zisanu ndi zinayi osajomba, msana wayamba kuvuta, manambala amalemba bwino. Bwana ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse.

"Nakumvani," anatero pomaliza. "Namva kuti mufuna amake Jesse apite ku sikelo. Namva futi kuti muli na nkhawa. Iyi nkhawa muimvela pati mu thupi?"

Ba Bwezani anaganiza moona mtima, kuyambira kumutu mpaka ku mapazi.

"Mu thupi mulibe, bwana. Nabwela chabe na fomu. Posaina ni apa pansi."

Ba Ferdinand anamwetulira mwachifundo, ngati mphunzitsi woona mwana amene tsiku lina adzamvetsa.

"Kale ninali kusaina vinthu osaganiza. Munthu abwela, nakalipa, nasaina. Manje sinipanga chigamulo nikali mu liwiro. Siyani fomu. Nizakhala nayo."

Anakhala nayodi. Sabata yotsatira Ba Bwezani anabweranso, anapuma kamodzi, anamvedwa, ndipo anauzidwa kuti fomuyo ikupsa m'maganizo. Sabata inayo anauzidwa kuti kubwerabwera kwawoko n'chizindikiro cha munthu amene sakhala mu nthawi ino, amene mtima wake uli pa 30 Juni pamene lero ndi pa 9. Ba Bwezani anavomera kuti n'zoona. Potuluka anapeza Winfrida akuwayang'ana ali pa makina, ndipo anamuonetsa dzanja lotanthauza kuti pang'ono chabe. Usiku uliwonse akazi awo ankawafunsa chimene chikuwadya, iwo n'kuyankha kuti akusowa bwana wawo wakale.

Ulendo wachinayi sanapatsidwe n'komwe mpando. Ba Ferdinand anali pa chipwirikiti chokonzekera. Lachinayi, pa 19, kunkabwera Ba Gwendolyn, mkulu woyang'anira antchito ku likulu, kudzaona ndi maso mmene Kafue yatsogolera pa nkhani ya moyo wabwino, n'kujambula zithunzi.

"Pambuyo pa Chinayi, Ba Bwezani. Nalonjeza."

Lachinayi lomwelo ndi limene Winfrida anapatsidwa ku chipatala kuti akajambulidwe chifuwa. Ba Bwezani analemba m'buku la ojomba kuti wapita kusukulu ya mwana.

Kunacha kozizira, kuzizira kwa Juni kochokera ku mtsinje. Ba Gwendolyn anatsika m'galimoto nthawi ya naini, atavala nsapato zosayenera bwalo la Chigayo. Ba Ferdinand anafuna kuti zonse zichitike monga anaonera ku Livingstone, kumene anthu anakhala pansi. Choncho analamula kuti mipando yonse ya m'kantini itulutsidwe panja, pansi payalidwe matumba opanda kanthu, ndipo aliyense wolowa asiye nsapato pakhomo. Popeza kantiniyo inali yaing'ono, anati amayi ayambe, abambo adikire panja pa mipando ija, osalankhula, mpaka kabelu kalire. Amayi, pomva kuti akakhala pa simenti yozizira, anamanga zitenje pamwamba pa maovolosi n'kukulunga mitu. Abambo, pomva kuzizira, anabwereka mbaula ya mlonda n'kuizungulira. Nthawi ya teni makina onse anazimitsidwa.

Ba Bwezani anaima pakati pa bwalo n'kuyang'ana zonsezi. Mipando panja. Nsapato pakhomo. Amayi m'nyumba, pansi, mitu yokulunga. Abambo panja, pa moto, mitu yowerama.

"Bwana," ananong'ona, "ivi vioneka monga maliro."

"Ayo ni maganizo chabe, Ba Bwezani. Yaoneni, muyaleke yapite."

Kunja kwa geti kunali Ba Joyce, wogulitsa vitumbuwa, amene anali atakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri ndipo ankadziwa mimba ya mkazi mwamuna wake asanauzidwe. M'zaka zonsezo makina a Chigayo anali atazimapo masana kamodzi kokha magetsi alipo, tsiku limene lole inapsinja munthu kukhoma. Atamva chete anasiya chiwaya n'kusuzumira pa mpata wa geti. Anaona zimene anaona Ba Bwezani, kusiyana kwake n'kwakuti iye panalibe womuuza kuti ndi maganizo chabe.

"Ba Gadi," anaitana mlonda, "ni ndani?"

Mlondayo, amene anali atauzidwa kuti aliyense wolankhula kabelu kasanalire adzaonana ndi bwana, anaika chala pamlomo n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

Ba Joyce sanafune zambiri. M'mawa uliwonse ankawerenga olowa, ndipo lero mmodzi sanalowe. Ankadziwanso kuti masana aliwonse Winfrida ankabwera kuseri kwa kasitolo kake kudzatulutsa chifuwa chonse chimene anameza kuyambira seveni, atagwira mtengo wa denga. Anatenga foni n'kuimbira Ba Juliet, mkulu wake wa Winfrida, wogulitsa nsomba zouma ku msika.

"Ba Juliet, muli pati? Khalani pansi poyamba."

Ba Juliet anaimbira Winfrida. Foni inali yozima, chifukwa ku Shikoswe, kumene Winfrida ankakhala, magetsi anali atapita dzulo lake. Anaimbanso kachiwiri. Kachitatu sanaimbe, anangomasula chitenje cha m'chiuno n'kuchiponya kumutu.

M'kantini munali bata labwino. Ba Ferdinand anakhala kutsogolo atapinda miyendo momwe inalolera, Ba Gwendolyn ataima pakona akujambula ndi foni.

"Chilichonse chamene chibwela," ankatero bwana ndi mawu ofewa, "chilekeni chibwele. Musachikankhe."

Chinabwera. Chinayambira ku geti, chapansipansi, n'kukwera podutsa pa sikelo, ndipo pofika pa mbaula abambo onse anali ataimirira, zipewa zili m'manja. Ba Juliet analowa ndi amayi anayi a ku msika, anavula mapatapata pakhomo monga mwa mwambo, n'kudzigwetsa pakati pa matumba.

"Mayo ine! Winfrida, mwana wa amayi anga! Wanisiya na ndani? Ana aja wasiyila ndani?"

Kwathu wolira maliro salira chabe. Amafotokoza. Amamuuza womwalirayo zonse zimene zamupha, mokweza, kuti ndi a kumbuyo omwe amve. Ndipo Ba Juliet anali wodziwa kulira. Mabanja ena ankachita kumutumira uthenga.

"Ninakuuza, Winfrida, ninakuuza, choka pa fumbi! Adokotala anakulembela kalata, iwe kuibisa mu Baibo! Miyezi inayi kutsokomola, magazi pa kansalu, kuseni kukacha kuvala ovolosi monga kulibe kanthu! Unati nikaonetsa kalata azanichita monga Elijah! Unati Ba Fomani azanisunthila ku sikelo mwakachetechete, bwana osaziwa! Sikelo ili kuti manje? Chigayo chakudya, mwana wa amayi, chakugaya monga chimanga!"

Amayi a m'kantini anatsegula maso. Munthu wolira sasiyidwa kulira yekha, ndipo ndani angadziwe za imfa ya munthu kuposa mkulu wake? Anayamba awiri a kumbuyo, kenako chipinda chonse. Ena ankalirira Winfrida, ena zifuwa zawo, ena amuna awo, pakuti maliro akatseguka aliyense amalowetsamo zake.

Ba Ferdinand anaweramira kwa Ba Gwendolyn, nkhope ikuwala.

"Ivi anatiuza ku wekishopu. Vimatuluka so. Osaletsa."

Koma Ba Gwendolyn anali atasiya kujambula. Anali atatulutsa kabuku ndi cholembera.

"Winfrida ndani? Dzina la bambo?"

Ba Bwezani anadumpha nsapato za pakhomo n'kulowa ndi majombo omwe.

"Sanafe! Imwe amayi, sanafe! Ba Juliet, nyamukani, ali moyo!"

"Ali kuti kanshi?" Ba Juliet anafuula ali chigonere.

Chipinda chinatsika pang'ono kudikira yankho. Ba Bwezani anayang'ana bwana, anayang'ana kabuku ka Ba Gwendolyn, anayang'ana amayi makumi awiri amisozi. Akanati ali kusukulu ya mwana, Ba Juliet akanawatsutsa pomwepo, chifukwa sukulu inali moyang'anizana ndi msika.

"Ali ku chipatala," anatero.

Kulira kunabwerera ndi mphamvu ziwiri.

"Kukopewa chabe!" anafuula Ba Bwezani. "Kukopewa chifuwa pa ekisileyi!"

"Ba Fomani," anatero Ba Gwendolyn mwaulemu, chapafupi ndi khutu lawo, "buku la lelo naliona pofika. Mwalemba kuti ali kusukulu."

Winfrida anatsika minibasi cha m'ma leveni, atanyamula envelopu yaikulu yakhaki. Mzere wa ku chipatala unali utayenda msanga, ndipo anaganiza zogwira theka la tsiku kuti asaoneke wojomba. Ba Joyce sanali pa kasitolo, anali atalowa kukalira. Winfrida anamva mfuu, anaona mipando ndi moto, ndipo anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita. Anamanga chitenje, anavula nsapato, analowa chowerama akulira, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi Taizya, mnzake wa pa makina. Atalira mokwanira kuti asaoneke wamwano, anamugwira Taizya pa phewa.

"Iwe, ni ndani watisiya?"

Taizya anacheuka. Mfuu imene anatulutsa siinali ya maliro, ndipo anadutsa pamwamba pa anthu atatu popita kukhomo.

Panatenga nthawi kuti zinthu zikhale m'malo. Ba Juliet anamugwira mng'ono wake kumaso, anamumenya kambama kamodzi chifukwa cha foni, kenako anamukumbatira mpaka onse anagwera pa matumba. Wina anayamba kuseka, kuseka kwa anthu amene abwezeredwa munthu, ndipo kunafalikira mpaka kwa abambo panja. Winfrida nayenso, atamva kuti maliro amene walira ndi ake omwe, anaseka.

Kusekako n'kumene kunatsegula chifuwa. Anayesa kuchimeza koma chinali chitadutsa kale pakhosi. Anatsokomola atagwada, dzanja limodzi pansi, mpaka kuseka konse kunatha m'chipindamo, n'kutsala iye yekha. Chinali chifuwa chochokera pansi, chouma, chokhala ngati munthu akung'amba thumba. Atamaliza anapukuta pakamwa n'kubisa kansaluko m'chitenje msangamsanga. Envelopu ija inali itagwera pafupi ndi nsapato za Ba Gwendolyn, amene sanazivule.

"Mayi," anatero Ba Gwendolyn ataitola, "iyi tiyeni tikaionele mu ofesi."

Mu ofesi Ba Ferdinand sanauze aliyense kuti apume. Anafufuza m'madirowa, anapeza fomu ija pansi pa mapepala a ku Livingstone, ndipo anaisaina ataima, mothamanga, cholembera mpaka kuboola pepala.

"Nasaina. Onani. Kuyambira pa 1 ali ku sikelo."

"Pepani, Ba Ferdinand," anatero Ba Gwendolyn, ndipo ankaoneka wopepesadi. "Dzulo iyo fomu inali na mphamvu. Lelo kampani yaziwa kuti uyu mayi adwala. Munthu wodwala sitimusuntha kufikila dokotala wa kampani amupime, alembe lipoti."

"Lipoti itenga masiku angati?"

"Masabata sikisi, ikafulumila."

"Kontrakiti yanga isila pa 30, madamu," anatero Winfrida. Aka kanali koyamba kulankhula.

"Niziwa, mayi. Manje sitingakupatseni kontrakiti ina ya pa makina, chifukwa kuja kuli fumbi, ndipo ife umoyo wanu tiuika patsogolo. Ya ku sikelo nayo sitingakupatseni kopanda lipoti. Lipoti ikabwela, mungalembe kalata yofunsila nchito monga aliyense."

"Nanga ku sikelo kuzakhala kopanda munthu masabata sikisi?" anafunsa Ba Bwezani.

"Awe. Malole sangayembekeze."

Ba Ferdinand, kunena zoona, anayesa. Anaimba ku likulu tsiku lomwelo ndi tsiku lotsatira. Lolemba anakwera galimoto kupita yekha ku Lusaka, atavala tayi. Anabwerako madzulo, n'kuitana Ba Bwezani.

"Nakamba vonse," anatero. "Nakamba kuti fomu inali pa ine mwezi wathunthu. Nakamba kuti mulandu ni wanga."

"Ati bwanji?"

"Ba Dailekita ananiyangana mu maso. Ati, Ba Ferdinand, takumvani. Ati tamva kuti muli na nkhawa." Anakanda chibwano. "Tinali nawo ku Livingstone. Anakhala pafupi na ine."

Ba Bwezani analandira kalata ya chenjezo chifukwa cha bodza la m'buku. Ba Joyce anakhala sabata yathunthu akuuza aliyense wogula kuti iye anangonena zimene anaona, ndipo munthu wanzeru satulutsa mipando panja popanda chifukwa, mfundo imene palibe anaitsutsa. Ba Juliet anabwera kwa mng'ono wake ndi nsomba zouma zodzaza beseni, n'kukhala naye pakhonde. Loweruka kunafika amalume awo kuchokera ku Katete, pakuti uthenga woyamba unawapeza koma wachiwiri unawaphonya ali m'basi. Atapeza womwalirayo akuchapa, anathokoza Mulungu, anakhala masiku anayi, ndipo ponyamuka anamufunsa ngati ku Chigayoko sangamupezereko malo mwana wawo wachiwiri.

Masiku otsalawo Winfrida anauzidwa kuti akhale kunyumba, pa malipiro onse, kuti apumule. Pa 30 anabwera kudzabweza ovolosi ndi majombo. Ba Ferdinand anatuluka kudzamugwira dzanja n'kubwerera mu ofesi. Ba Bwezani anamuperekeza mpaka pageti.

"Amake Jesse, nikanaziwa..."

"Mukanachita chani, Ba Fomani?"

Anaganiza moona mtima, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo sanapeze.

Ku sikelo kunalowa mtsikana wa satifiketi ya kompyuta, wochokera ku Kafue Estates, waulemu, amene sankadziwa chilichonse cha nkhaniyi. Lipoti la dokotala wa kampani silinalembedwe, chifukwa dokotalayo amapima antchito a kampani, ndipo pofika tsiku lopimidwa Winfrida sanalinso wantchito.

Mu Ogasiti, mwezi wa mphepo, Ba Bwezani anatumidwa pa njinga kukafunsa za lole imene inafera pa msewu wa ku Lusaka. Kutuluka pang'ono m'tauni pali malo pamene amayi amaswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba, aliyense ndi mulu wake ndi hamala yake. Wachitatu kuchokera ku msewu anali atamanga kansalu pamphuno, tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Anamuzindikira ndi mmene ankakankhira miyala ndi dzanja lamanzere, ngati thumba pa makina.

Anatsika pa njinga.

"Amake Jesse."

"Ba Fomani. Muli shani? Ku nchito kuli bwanji?"

"Kuli chabe. Manje imwe, pano... adokotala aja sanakambe kuti..."

"Anakamba." Anatsitsa kansalu kuti amveke. "Nayenda ku masitolo, nayenda ku malo odyela, nayenda na ku Estates kufunsa zochapa. Kafue yonse inamva maliro yanga, Ba Fomani. Aliyense aziwa chamene chinanipha. Pano chabe ndiye sanafunse."

Ba Bwezani anafunsa za Jesse. Anali bwino, mayeso ayamba mu Okutobala. Anafunsa mtengo wa wilibala imodzi ya miyala, ngakhale kuti sankamanga kanthu ndipo analibe ponyamulira. Winfrida anawauza mtengowo.

"Pitani, azakufunani ku nchito," anatero Winfrida.

Anakwezanso kansalu kaja, anasankha mwala wina pa mulu, n'kuuika pakati pa mapazi.